Ulemu wa amai amasiye usathere ku manda

Pa Ciweru capitaci tinaika m'manda amai athu, amene mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo inali kuwaitana kuti Ambuya. Anthu anabwera ambiri. Akwaya a ku parishi anaimba usiku wonse, amai a m'mphakati anatunga madzi ndi kuphika, ndipo adzukulu anakumba manda dzuwa lisanatuluke. Onsewa tiwayamika kwambiri. Itafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, aliyense amene anaimirira ananena mau amodzimodzi, kuti anali mai wolimbikira nchito, wosadziwa kutopa, amene analera ana ndi zidzukulu ndi khasu lake.

Mau amenewa ndi oona. Koma ife ana awo pomvetsera tinaona kuti mbiriyo yadumpha malo amodzi. Palibe amene ananena cimene cinawagwiritsa nchito yowawa cotere kwa zaka pafupifupi 40. Talemba nkhani ino kuti titsirize mbiriyo, ndiponso cifukwa m'banja mwathu muli mlandu umene tiyenera kuukamba mvula isanagwe. Tikhulupirira kuti mlandu wotere uli m'mabanja ambiri a inu awerengi.

Amai anabadwira m'mudzi wina wa m'boma la Katete. Caka cobadwa sanali kucidziwa, anali kungonena kuti pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964 anali ndi mwana woyamba kumbuyo. Atate anabwera kudzakhala pa cikamwini monga mwa mwambo wathu wa Acewa, ndipo awiriwa analima pamodzi kwa zaka zoposa 20. Ndalama za nshawa za Chalimbana, za thonje ndi za cimanga cimene anali kugulitsa ku NAMBOARD zinagula ng'ombe zinai, pulawo, ngolo, njinga ndi wailesi. Panalinso malata amene anali ataunjikidwa kuseri kwa nyumba kuyembekezera njerwa. Nshawazo amai ndiwo anali kuzisenda usiku ana atagona, ndipo thonjelo anali kuthyola ndi mwana kumsana.

Atate anamwalira pakati pa zaka za m'ma 1980 atadwala masiku ocepa. Atatha kumeta maliro, abale awo anabwera ndi kunena kuti cuma ca mwamuna ndi ca mbumba yake, ndiye kuti alongo ake ndi ana a alongo akewo. Anamanga ng'ombe pa ngolo, napakira pulawo, malata, njinga ndi wailesi, n'kupita. Amai anatsala ndi makasu awiri, miphika, mphasa ndi ana 7, womaliza akali kuyamwa. Munda wokha ndiwo unatsala, cifukwa unali wa mbumba ya amaiwo ndipo palibe akanaunyamula.

Inu alimi mudziwa bwino tanthauzo la kulandidwa ng'ombe. Wokhala ndi pulawo, mvula yobzalira ikagwa, amatsiriza kubzala m'masiku owerengeka. Wa khasu amafika pa Khrisimasi akali kugalauza, ndipo cimanga cobzala mocedwa sicibereka monga cobzala msanga. Pamene atsiriza kubzala, udzu wamera kale kumene anayambira. Nthawi yomweyo ufa watha m'nyumba, motero asiya munda wake ndi kupita kukagwira ganyu m'munda wa mnzake kuti ana adye tsiku limenelo. Munda wakewo udyedwa ndi udzu, zokolola zicepa, ndipo caka cotsatira njala ifika msanga koposa. Amai amasiye ambiri amene timawaona akuvutika m'midzi mwathu analowa mu umphawi kudzera pa khomo limeneli.

Amai anatulukamo ndi dimba. Anachinga kamalo ku dambo, nabzala lepu, matimati, anyezi ndi nzimbe, n'kumathirira ndi ndowa m'mamawa ndi madzulo. Ndiwo zikakula anali kuzisenza pamutu kupita nazo ku msewu wa Great East, kumene anali kugulitsanso vitumbuwa ndi nshawa zophika kwa anthu a pa basi. Nkhuku zinagula mbuzi, mbuzi zinagula nkhumba, ndipo patapita zaka zoposa 10 m'khola munalowanso ng'ombe ziwiri. Tsiku limenelo amai sanalankhule zambiri, anangokhala pa mpanda wa khola mpaka mdima.

Zaka zimenezo sizinali zopepuka ngakhale kwa mabanja okhala ndi bambo. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo patangopita zaka zocepa mlimi wa kumudzi anayamba kudzifunira yekha feteleza ndi msika. Mu 1992 kunagwa cilala cacikulu, tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Sukulu inali yolipira. Maphunziro aulere a Giredi 1 mpaka 7 anabwera mu 2002, ndipo aulere mpaka Giredi 12 anabwera mu 2022, ife titakula kale. Mlongo wathu wamkulu wa pakati pa atsikana anakhoza mayeso a Giredi 7, koma sanapite ku sekondale. Anatsala pakhomo kuthandiza amai kuti anyamata awiri aphunzire. Mpaka lero akaona ana ovala yunifomu amakhala cete. Mtengo wa ng'ombe zinai zija unalipidwanso ndi iye.

Kenaka kunabwera matenda a Edzi. Amai anaika m'manda ana awo awiri, mmodzi wocokera ku Lusaka, wina wocokera ku migodi, ndipo analandira zidzukulu zisanu pa nthawi imene anzawo anali kuyamba kupuma. Pamene boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'zipatala zake mu 2005, kwa ife kunali kutacedwa kale. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo itayamba mu 2002, anagulitsa mbuzi kuti alowe mu koparetivu ndi kulipira gawo la mlimi. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco, cinawapeza atakalamba, msana utapindika. Komabe pakhomo pawo panali kandolo wouma, mfutso m'zikwatu ndi nyemba za m'dimba, cifukwa sanali kudalira cimanga cokha. Mabanja atatu a ana awo anadya pamenepo.

Conco tikamati amai anali olimbikira nchito, tizikumbukira kuti gawo lalikulu la nchitoyo linali nkhongole imene anawasiyira anthu ena. Akanakhala ndi ng'ombe zawo, mphamvu zomwezo zikanamanga nyumba ya malata ndi kuphunzitsa atsikana. Kutamanda mai wamasiye kuti ndi wolimba mtima n'kosavuta, ndipo kumatipumitsa ife oonerera, cifukwa munthu amene tamucha wolimba timaganiza kuti safuna thandizo. Pa zaka zonse zija palibe amene anabwera ndi pulawo kudzawalimira ngakhale mizere khumi kwaulere. Pa maliro awo panabwera anthu mazana.

Ena adzati zimenezo ndi zakale, tsopano kuli lamulo. Ndi zoona. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Intestate Succession Act, lonena za kagawidwe ka cuma ca munthu amene wamwalira osalemba wilu. Pa magawo 100 a cumaco, 50 ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ndi a makolo a malemu, ndipo 10 ndi a anthu ena amene anali kudalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba ndi zipangizo wamba za ulimi ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana. Nyumba ndi yawonso, ndipo mai wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Munthu amene khoti lamuika kuyang'anira cuma, amene tonse timuchula kuti administrator, si mwini cumaco. Nchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulipira nkhongole za malemu ndi kugawa monga mwa lamulo. Wolanda katundu wa amasiye akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imalandira madandaulo otere. Lamuloli likanafika zaka zocepa m'mbuyo, pulawo ya atate sikanacoka pakhomo.

Koma pali cinthu cimene alimi ambiri sacidziwa. Lamulo limeneli silikhudza malo amene ali m'manja mwa mafumu. Minda yathu yambiri kumudzi ilibe mapepala a umwini, ndi malo a mwambo. Kotero cinthu cacikulu koposa cimene mai wamasiye wa kumudzi afuna kuti ana ake adye, ndico munda, sicili m'magawo 100 aja. Mlandu wa munda uli m'manja mwa banja, ankhoswe ndi amfumu a mudzi. Kunena mwacidule, uli m'manja mwathu.

Apa ndi pamene pali mlandu wa pakhomo pathu. Mng'ono wathu womaliza, uja anali kuyamwa pamene ng'ombe zinatengedwa, anakula ndi kukwatira mkazi wa mudzi wina wakutali. Iye sanapite ku cikamwini, anabwera naye mkaziyo pa citengwa kuti akhale pafupi ndi amai, ndipo amai anawadulira gawo la munda. Zaka zingapo zapitazo mng'ono wathuyo anamwalira, nasiya alamu athu ndi ana anai. Tsiku logawa katundu, ena mwa ife tinayamba kuwerenga mbuzi ndi matumba a cimanga. Amai anatenga mphasa yawo, nayala pa khomo la nyumba ya alamu, nakhala pansi. Anati, "Zimene anandicita ine sizidzacitika pakhomo pano ndikali moyo." Palibe amene anayankha. Aliyense anabwerera kwawo ndi malaya amodzi a malemu a cikumbutso.

Mau akuti "ndikali moyo" sitinawaganizire pa tsikulo. Tsopano amai apita, ndipo dothi la pa manda lisanaume, kunong'ona kwayamba kale. Ena mwa ife akuti alamu abwerere kwawo, munda ubwerere ku mbumba. Sitifuna kunamiza awerengi kuti onena zimenezi ndi anthu oipa. Ndi abale athu a bere limodzi, ndipo zifukwa zawo ziyenera kumvedwa.

Coyamba akuti malo acepa. Izi ndi zoona, cifukwa munda umene unadyetsa ana 7 tsopano uyang'anidwa ndi mabanja ambiri. Koma kumudzi kwa alamu malo acepanso cimodzimodzi. Gawo limene akanalima anapatsidwa ena kale pamene iwo anacoka kudzakhala kwathu. Tikawacotsa, tidzawonjezera mizere yocepa pa munda wa yense wa ife, pamene ana anai adzatsala opanda polima konse.

Caciwiri akuti pa mwambo wathu ana ndi a kwa mkazi, kotero akaleredwe ndi atsibweni awo. Mwambo wa makolo sunali wopanda nzeru. Pa cikamwini mkazi anali kukhala pakati pa abale ake, pa munda wa mbumba yake, ndipo mwamuna akamwalira atsibweni anali pafupi kulera ana. Koma ife ndife tinavomera citengwa cifukwa cinali kutikomera. Tinapeza munthu wosamala amai athu pamene ife tinali ku Chipata ndi ku Lusaka. Sitingatenge mkazi pa mwambo wa citengwa pamene tifuna manja ake, kenaka n'kukumbukira mwambo wa cikamwini pamene tifuna munda wake. Ndipo anawo, kaya mwambo uwaika mbali iti, nkhope zawo ndi za mng'ono wathu.

Cacitatu akuti alamu akali acitsikana, akadzakwatiwanso mlendo adzalima munda wa makolo athu. Nkhawa imeneyi ili ndi mankhwala ake. Tingapangane pamaso pa amfumu kuti mundawo ndi wa ana a malemu, amai awo aulime pa nthawi yonse imene akhala pamudzi ndi kulera anawo, ndipo akadzasankha kusamuka mundawo udzatsale m'dzina la ana. Kuthamangitsa munthu lero cifukwa ca ukwati umene sunacitike ndi kumuweruza pa mlandu umene sanapalamule.

Pali cinanso cimene sicinanenedwe pa manda. Zaka ziwiri zotsiriza amai sanali kutha kuyenda okha. Amene anali kuwasambitsa, kuwaphikira phala, kuwacapira zofunda ndi kuwatulutsa kukaothera dzuwa anali alamu athu omwewa. Ife tinali kutumiza ndalama pa foni ndi kuimba pa Sondo madzulo kufunsa za umoyo wawo. Bokosi lokongola limene anthu analiyamikira tinagula ndife, ndipo maina athu anachulidwa. Dzina la alamu silinachulidwe. Iwo anali kuseri kwa nyumba kutsuka mbale za alendo.

Akhristu anzathu adziwa nkhani ya Naomi ndi Rute, apongozi awiri amene onse anali amasiye. Rute anasiya kwawo ndi kutsatira apongozi ake, ndipo awiriwo anakhala ndi moyo cifukwa mwini munda wina anamulola kukunkha m'munda mwake ndi kuuza anchito ake kuti asamuvute. Timaikonda nkhani imeneyi ikawerengedwa m'chalichi. M'banja mwathu yacitika pamaso pathu, ndipo eni munda tsopano ndife.

Motero ife amene talemba nkhani ino tidzapita ku msonkhano wa banja ndi mau awa. Alamu akhale pamudzi ndi kulima gawo limene amai anawadulira, malire ake osasuntha. Pangano limeneli lilembedwe pa pepala, asainepo amfumu a mudzi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi akatekisiti, ndipo banja lililonse lisunge pepala lake. Dzina la alamu lilembedwe m'buku la mudzi ndi m'kaundula wa koparetivu, kuti feteleza wotsika mtengo azimulandira m'dzina lawo, osati kudzera mwa mlamu amene angasinthe maganizo. Ng'ombe za amai zikhale m'khola limodzi ndipo mvula ikagwa ziyambe kulima munda wa ana amasiye. Ndalama zimene tinafuna kusonkha za mwala wa pa manda tizicepetse, zotsalazo zigule mbeu ndi mayunifomu. Mwala ungadikire caka camawa, pamene nyengo yobzala siidikira munthu.

Kwa inu mafumu a midzi, pempho lathu ndi lakuti musadikire kuti mlandu ufike pa bwalo lanu anthu atayambana kale. Mwamuna akamwalira m'mudzi mwanu, itanani mbali zonse ziwiri ndi kulemba m'buku kuti mai ndi ana alima pati. Mau anu pa nkhani ya munda ali ndi mphamvu imene lamulo la 1989 lilibe.

Kwa ife a m'miphakati, tidziwa kugona pa maliro, kuimba ndi kusonkha ufa, ndipo zimenezi zipitirire. Koma tsiku loopsa kwa mai wamasiye ndi tsiku logawa katundu, pamene alendo onse abalalika ndipo iye watsala yekha pakati pa abale a mwamuna. Mphakati uzituma anthu awiri okhwima maganizo, odziwa zimene lamulo linena, kukakhala nawo tsiku limenelo. Anthu amacita manyazi kunyamula mbuzi pamaso pa amene adzakhala nawo pa benchi limodzi pa Sondo. Ndipo okhala ndi pulawo apangane kuti m'sabata yoyamba ya mvula, tsiku limodzi likhale la minda ya amasiye. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 23 June kukhala tsiku lokumbukira amai amasiye pa dziko lonse, koma kwa mai wa kumudzi tsiku la pulawo lingamuthandize kuposa tsiku la zokamba.

Kwa inu abambo anzathu, lembani wilu mukali ndi mphamvu. Kulemba wilu si kudziitanira imfa. Lembani zimene muli nazo ndi amene mufuna kuti adzatenge, sainani pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, ndipo uzani ankhoswe ndi amfumu maganizo anu pa za munda mkazi wanu ali pomwepo. Atate athu anali munthu wabwino wokonda banja lake, koma sanasiye mau, ndipo ena analankhula m'malo mwawo.

Kwa inu amai ndi alongo athu, tinene mosabisa kuti pa tsiku logawa katundu kawirikawiri mau okhwima amacokera kwa akazi anzawo a wamasiyeyo, alongo a malemu. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Amai athu anali ndi cifukwa cokwanira cocitira mpongozi wawo zimene iwo anacitidwa, monga amacitira ambiri, koma anayala mphasa pa khomo. Pa zonse zimene anacita m'moyo wawo, ici ndico tifuna kuti zidzukulu zawo zidzacikumbukire koposa dimba ndi ng'ombe.

Abale a atate amene anatenga ng'ombe zija ambiri anamwalira kale, ndipo ana awo anali nafe pa maliro. Tinadya nawo nsima imodzi ndipo tilibe nawo mlandu. Amai anawakhululukira kale, ndipo mmodzi wa ana awo anagonapo pakhomo pathu zaka ziwiri pamene anali kuphunzira pa sukulu yapafupi. Tawachula m'nkhani ino cifukwa ife taima pamalo pamene iwo anaima, ndipo zifukwa zimene tili nazo m'kamwa ndi zomwezo zimene iwo ananena tsiku lija.

Msonkhano wa banja lathu udzacitika mwezi uno usanathe. Inu amene munabwera pa maliro ndi kumva mau athu otamanda amai, mukadzadutsa pa njira ya ku dambo m'mwezi wa December, mudzayang'ane munda wa kumunsi kwa mtengo wa mango. Mukadzapeza alamu athu ndi ana awo akupalira cimanga m'menemo, mudzadziwa kuti zimene tinanena pa manda zinali zocokera mumtima. Mukadzapezamo wina, mudzatifunse.